Kanyama Chiume ndi Mkangano wa ku Zomba wa 1964

Munthu woima pa msika wa Limbuli, m'boma la Mulanje, ali pafupi ndithu ndi Mozambique, pakuti mtsinje wa Muloza ndiwo malire a maiko awiriwa. Cifukwa cace nkhani ya cibale ca Malawi ndi maiko ena siili yacilendo kwa anthu a kumeneko, ndipo mphunzitsi ayenera kudziwa umo inakambidwira m'Nyumba ya Malamulo.

M'caka ca 1956 Aafrika asanu anasankhidwa kulowa m'Bwalo la Malamulo ku Zomba. Mmodzi wa iwo anali Kanyama Chiume, mphunzitsi wophunzira ku Makerere. Masiku amenewo dziko linali m'Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba mu 1953, ndipo za asilikari, za maiko akunja ndi za msonkho wa pa malire zinali m'manja mwa Boma la ku Salisbury. Chiume ndi mnzace Henry Chipembere analibe mphamvu pa zimenezi, koma caka ndi caka anapanikiza Boma ndi mafunso, ndipo mau ao osindikizidwa m'buku la Hansard anthu anawawerenga ndi cidwi.

Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, Chiume anali Nduna ya za Maiko Akunja. Pomwepo panabuka kusiyana maganizo. Dr. H. Kamuzu Banda anafuna kukhala bwino ndi Apwitikizi olamulira Mozambique, popeza katundu wa Malawi anadzera njanji ya ku Beira. Chiume ndi nduna zina anakana kupalana ubwenzi ndi atsamunda, nafuna kubvomereza Boma la China la ku Peking. Anadandaulanso za tiki imene odwala anauzidwa kulipira m'zipatala za Boma.

Pa 7 September Dr. Banda anacotsa Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi pa unduna. Pa 8 ndi 9 September Nyumba inakambirana mlanduwo, ndipo aphungu anatsimikiza kuti akhulupirirabe Dr. Banda. Chiume anathawira ku Tanzania, osabwerera kufikira 1994.

Njanji ya ku Nacala inatsegulidwa mu 1970, koma nkhondo ya paciweniweni ya ku Mozambique inatseka njira zonse ziwiri, ndipo othawa nkhondo ambirimbiri anaolokera m'boma la Mulanje kufikira mtendere wa 1992.

Pophunzitsa mbiri imeneyi, mphunzitsi asabise kuti mbali zonse ziwiri zinali ndi zifukwa zace: wina anayang'ana njira ya katundu, ena anayang'ana ufulu wa abale a kutsidya. Cimene dziko linataya ndico bwalo lomvera maganizo osiyana, pakuti kuyambira 1966 lamulo linaloleza cipani cimodzi cokha, kufikira anthu anacikana mu 1993.