Dzuwa loyera la 2010 ndi galimoto yachikasu ya Gatsby

Amene munawerengapo The Great Gatsby, buku lomwe F. Scott Fitzgerald anatulutsa mu 1925, mukudziwa kuti m'menemo chuma chimavala mitundu. Usiku Gatsby amangoyang'anitsitsa kanyali kobiriwira kutsidya la madzi, padoko la kwa Daisy, mkazi yemwe mtima wake unali pa iye. Kubiriwirako ndi chiyembekezo, komanso ndi mtundu wa dola ya ku America. Galimoto yake ndi yachikasu, yofanana ndi golide koma si golide ayi, poti ndalama zake zinachokera ku mowa wozembetsa, America italetsa mowa mu 1920. Daisy amakonda zovala zoyera ngati munthu wosalakwa, chonsecho ndi iyeyo ankayendetsa galimoto ija pamene inagunda Myrtle Wilson kudera lotuwa ndi phulusa komwe kumakhala amphawi. Amene anafera mlanduwo ndi Gatsby.

Ine ndikamaliwerenga bukuli ndimakumbuka mbendera yathu. Pa 6 Julayi 1964 tinakweza mbendera yakuda pamwamba, yofiira pakati, yobiriwira pansi, ndipo pakudapo panali dzuwa lofiira longotuluka kumene. Tanthauzo lake linali loti kwacha, ulendo wayambika. Pa 29 Julayi 2010 boma la Bingu wa Mutharika linaisintha: kufiira kunakwera pamwamba, kuda kunatsikira pakati, ndipo pakatikati anaikapo dzuwa lathunthu loyera mbee. Akuti Malawi watukuka, dzuwa latuluka lonse. Sikuti ankangolankhula, abale. Fetereza wa makuponi yemwe anayamba mu 2005 anachulukitsadi chimanga.

Vuto linali madola. Ambiri timawapeza ku fodya, yemwe timamutcha golide wobiriwira, ndipo mu 2011 mitengo yake inagwa. Mu Epulo chaka chomwecho boma linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kenako mayiko otithandiza anayamba kuimitsa ndalama zawo. Popanda madola mafuta sagulika, ndiye galimoto zinayamba kugona pamizere. Kuno ku Tsangano zimenezi sizifuna digiri kuti uzimve. Kachewere ndi kabichi zathu zimadalira lole kuti zikafike ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo kabichi sadikira dizilo, amangoola basi.

Pa 20 Julayi 2011 anthu anatuluka m'misewu atavala zofiira, ndipo pafupifupi 20 anaphedwa pa zionetserozo. Bingu anamwalira mu Epulo 2012. Mu Meyi, pansi pa Joyce Banda, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndipo Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa mbendera yakale. Dzuwa loyera lija silinakwanitse n'zaka ziwiri zomwe.

Chomwe Fitzgerald anaona n'choti mtundu umatha kufika msanga kuposa chuma chenichenicho, ndipo zikavuta amene amalipira ndi a kuphulusa aja. Masiku ano mitundu ija ili pa nsalu za zipani ndi pa zithunzi za pa Facebook, wina atatsamira galimoto yobwereka. Ine mbendera ya 1964 ndimaikonda chifukwa dzuwa lake silinena kuti tafika. Kwa ife amene takhala tikulonjezedwa msewu wa Tsangano–Neno–Mwanza kwa zaka zambirimbiri, dzuwa longosuzumira kumene lija ndiye likunena zoona.