Tiyi wa cumin: kaphikidwe kake ndi zomwe amachitadi m'thupi

Tiyi wa cumin wadzaza pa TikTok ndi m'magulu a WhatsApp, ndiye ndati tikambirane zoona zake.

Cumin ndi timbewu tofiirira, tatitali pang'ono, tonunkhira kwambiri, ta banja limodzi ndi karoti. Amalimidwa kwambiri ku India, ndipo m'mashopu a zokometsera zakudya mungamupeze ndi dzina loti jeera. Osamusokoneza ndi chitowe chathu chija, ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kuphika kwake sikuvuta. Ine ndimakazinga kasupuni kamodzi ka timbewuti kwa mphindi imodzi kuti fungo lituluke, kenako ndimathira kapu imodzi ya madzi n'kuwiritsa mphindi 5. Mukasefa, finyirani ndimu kapena thirani uchi pang'ono. Kapu imodzi kapena awiri patsiku ndi okwanira.

Ubwino wake weniweni uli m'mimba. Kuyambira kale anthu amamwa cumin akadzimbidwa kapena mimba ikadzaza mpweya atadya kwambiri. Komanso mukamwa wopanda shuga m'malo mwa zakumwa zotsekemera, thupi lapindula kale.

Koma zoti amasungunula mafuta a pamimba sabata imodzi, ayi ndithu, musapusitsidwe. Sachiza shuga, sachiza BP. Ngati muli pa mankhwala a shuga, musawasiye, ndipo funsani adokotala kaye chifukwa cumin atha kutsitsa shuga m'magazi. Amayi oyembekezera afunse kusikelo. Mimba ikapitirira kupweteka masiku angapo, siyani za tiyi, pitani kuchipatala.