Lilongwe wa kumtsinje, likulu lisanabwere

Sendezani mipando kuno, adzukulu anga. Inu mukamva za Lilongwe mumaganiza za Capital Hill, koma mchombo wa mzinda uno unakwiriridwa kumtsinje kuja, kumene lero mukuti Old Town.

Makolo athu ankasimba kuti kuno kunali midzi ya Achewa, dziko la mfumu Njewa. Atsamunda anakhazikitsa boma lawo mu 1904, ndipo msewu wochokera ku Dedza unadutsa pompano kulowera ku Fort Jameson, Chipata wa leroyu. M'zaka za m'ma 1920 azungu awiri, Barron ndi Wallace, anafalitsa ulimi wa fodya m'midzi yozungulira. Ndalama zitayamba kuyenda, masitolo a Amwenye, ambiri a iwo ochokera ku Gujarat, anachulukana kutsidya la kum'mawa.

Sitolo ya Mmwenye inali ndi zonse: mchere, makasu, palafini, mabulangete, nsalu. Pakhonde pankakhala telala ndi makina ake. Mayi akagula nsalu m'katimo, ankangotuluka n'kuyezetsa pomwepo. Mtengo munkanenerera mpaka mutamvana, ndipo wogula zambiri sankachoka wopanda basela.

Koma musaganize kuti tinkakhala pamodzi ayi. Azungu anali kutsidya lina la mtsinje, ku Area 3. Amwenye anali ku Area 2, pafupi ndi msika ndi mzikiti. Ife tinali kuseri, ku Kawale, ku Biwi ndi ku Mchesi. Ngakhale matenda ankasankhidwa khungu: azungu ku Top Hospital, ife ku Bottom, chipatala chimene pano ndi Bwaila.

Lilongwe anatchedwa tauni mu 1947, koma anali wamng'ono ndithu. Zinasintha Kamuzu atasamutsa likulu kuchoka ku Zomba mu 1975. M'zaka zomwezo analamula Amwenye kuti achoke kumidzi akachite malonda m'mizinda, masitolo a kuno n'kuwonjezeka. Mafakitale a ku Kanengo anakoka anthu, Area 25 n'kudzaza, Mgona n'kumera pambali pake.

Tsono mukamadutsa pa maofesi a boma aja, dziwani kuti ambiri mwa amene anaponda dothi ndi kusenza njerwa zake ankagona m'makomboni muno, n'kumalawirira wapansi tambala woyamba. Mayina awo sanalembedwe pakhoma lililonse. Ena ndi agogo anu enieni, ndiye muziwatchula ndinu.