Momwe obwera anapezera pogona kuno ku Lizulu, 1986 mpaka 1994

Anzanga aphunzitsi, komanso inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga m'kalasi ya History, lero ndati tikambeko mbiri ya pakhomo pathu pomwe pano. M'kalasi timatha choko ndi nkhani za msonkhano wa ku Berlin, za Mfecane ndi za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, koma za anthu amene anadzaza midzi ya kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambique sitizikhudza kwenikweni. Chonsecho agogo amene anaziona ndi maso akutha mmodzimmodzi. Funso limene ndikufuna tilingalire ndi ili: munthu akafika pamalo pachilendo, mwana kumsana, kamtolo pamutu, amapeza bwanji pogona, chakudya, madzi, chipatala ndi sukulu? Anthu a ku Lizulu analiyankhapo funso limeneli, osati pakamwa ayi koma ndi zochita.

Kwa inu amene simunafikeko kuno, Lizulu ali pamsewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu. M'chigawo chimenechi msewu umayenda m'malire enieni. Ukamachokera ku Lilongwe kulowera ku Blantyre, dzanja lamanzere ndi Malawi, lamanja ndi boma la Angonia m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Palibe mpanda, palibe mtsinje. Mayi amagula tomato dziko lino n'kukagula mafuta ophikira dziko linalo asanatsitse n'komwe dengu pamutu.

Malire amenewa anachokera m'pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la pa 11 June 1891. Anagwirizana zotsata msana wa mapiri: kumene madzi amatsetserekera ku nyanja ya Malawi ndi ku Shire kukhale kwa Angerezi, kumene amalowera ku mitsinje yothira mu Zambezi cha ku Tete kukhale kwa Apwitikizi. Pamapu zinaoneka zaudongo, koma pansi pano mzerewo unang'amba pakati dziko la Angoni a kwa Maseko. Angoniwo nawonso anali obwera. Atazungulira mpaka ku Songea ku Tanzania, anadzakhazikika cha m'ma 1870 kufupi ndi phiri la Domwe, lomwe lero lili ku Mozambique, n'kusakanikirana ndi eni nthaka amene anawapeza mpaka Chingoni chinamira mu Chichewa. Angerezi anapha Inkosi Gomani woyamba mu 1896, ndipo pambuyo pake likulu la ufumu wa a Gomani linadzakhala kuno ku Lizulu. Ndiye tsidya ili ndi tsidya ilo chilankhulo n'chimodzi, mifunda ndi yomweyo, maukwati ndi olowana, ngoma amavina imodzimodzi.

Tisaiwalenso kuti kuthawa sikunali kwa mbali imodzi. M'nthawi ya atsamunda anthu ankaolokera kuno pothawa chibalo cha Apwitikizi. Koma mu 1953, boma la Nyasaland litafuna kugwira Inkosi Philip Gomani wachiwiri chifukwa chokana chitaganya, iye anathawira tsidya linalo limodzi ndi mbusa Michael Scott. Apwitikizi anamubweza, ndipo anamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo. M'zaka za m'ma 1970 a Mboni za Yehova ambiri a kuno kwathu, pozunzidwa ndi boma la chipani chimodzi, anakabisala tsidya lomwelo moyang'anizana ndi Mlangeni. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anthu a m'malire muno mwambi umenewu sanauphunzire m'buku.

Mozambique inalandira ufulu pa 25 June 1975, koma posakhalitsa kunabuka nkhondo pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo. Pakati pa zaka za m'ma 1980 moto unafika ku Angonia. Midzi inatenthedwa, masitolo a tsidya la msewu anasanduka mabwinja, anthu ankaphedwa poganiziridwa kuti akudyetsa mbali inayo. Mu 1986, chaka chomwe Samora Machel anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini, anthu anayamba kuolokera ku Malawi mwaunyinji. Pofika mu 1992 dziko lino linkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, pamene kalembera wa 1987 anapeza kuti eni dzikofe tinalipo pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje obwera anachita kuposa eni boma kuchuluka kwake.

Tsono tiyeni tione za pogona. Kumwera, monga ku Nsanje, ku Mulanje ndi ku Mwanza, ambiri anaikidwa m'makampu ngati Mankhokwe, Nyamithuthu ndi Chifunga. Kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza zinayenda mosiyana: ambiri anangolowa m'midzi. Akuluakulu amene ndakhala ndikucheza nawo amafotokoza ndondomeko yofanana. Wobwera sankayamba wafunsa ofesi. Ankayamba wafunsa dzina: kodi a uje, amene anakwatira kuno, ali mudzi uti? Akapeza mbale, kapena mnzake wa kumpingo, kapena bwenzi la malonda, usiku woyamba ankagona m'khitchini kapena pakhonde. Kukacha mwini nyumba ankamuperekeza kwa nyakwawa kukamuonetsa. Nyakwawa ikavomera inkaloza malo, kawirikawiri kuseri kwa nyumba za amene wamulandirayo kapena m'mphepete mwa munda. Kenaka mitengo, tsekera, udzu ndi dothi, kanyumba kaima. Amene analibe womudziwa ndiye ankavutika kwambiri. Otere ankaunjikana m'misasa m'mbali mwa msewu, ndipo amene ankayenda pa M1 masiku amenewo amakumbukira tinyumba taudzu tothithikana, mtunda wautali ndithu.

Chithandizo cha boma ndi mabungwe chinabwera pambuyo, anthu atalandirana kale. Dziko la Malawi linalowa m'pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo mu 1987, ndipo lamulo lathulathu la othawa kwawo linakhazikitsidwa mu 1989. Bungwe la UNHCR linkayendetsa ntchitoyi pamodzi ndi boma, la WFP linkabweretsa chakudya, ndipo a Red Cross ya ku Malawi ankagawa. Chuma chachikulu cha banja lothawa chinali khadi yolandirira. Ndi khadi imeneyo unkalandira ufa, nyemba kapena nandolo, mafuta ophikira, shuga ndi mchere. Koma munthu sadya nsima ya nyemba chaka chathunthu, ndipo sopo, chitenje ndi machesi sizinali m'thumba la ufa. Choncho gawo lina la chakudyacho linkathera pamsika, kusinthanitsa ndi ndiwo zamasamba, usipa kapena kaunjika. Akuluakulu amaseka akamakumbukira kuti eni mudzi ena nawonso analembetsa ngati othawa. Nanga mlembi wochokera ku tawuni akanasiyanitsa bwanji anthu a chilankhulo chimodzi, mfunda umodzi, ogona bwalo limodzi?

Chimene khadi sinkapereka ndi munda. Boma silinagawe malo olima kwa othawa nkhondo, ndipo kuno malo anali ochepa kale. Apa mpamene ubale unkagwiranso ntchito. Wina ankabwerekedwa kachigawo ka dimba, wina ankalima pa ganyu m'minda ya kachewere ndi kabichi, wina ankaphika mowa, kuumba njerwa kapena kusoka mphasa. Olimba mtima ankazemba m'bandakucha kukalima kapena kukakolola kuminda yawo yakale tsidya lija, ndipo ena mwa iwo sanabwerere. Nkhuni nazo zinali nkhani. Anthu atachuluka chomwecho mitengo ya m'mapiri inatha mofulumira, ndipo amayi ankaika moyo pachiswe kukatola nkhuni ku dziko lomwe analithawa.

Pali umboni wa zachipatala wosonyeza kuti kukhala pakati pa anthu kunali ndi phindu lake. Mu 1990, mtedza utasiya kufika m'chakudya chogawidwa, kunabuka matenda a pellagra pakati pa othawa nkhondo m'chigawo cha kumwera, ndipo anthu oposa 18,000 anadwala. Matendawa amagwira munthu amene akungodalira chimanga popanda zakudya zina zokhala ndi vitamini wotchedwa niacin: khungu limathetheka pamene pamaomba dzuwa, m'mimba mumatseguka, mutu umasokonekera. Madokotala atafufuza anapeza kuti matendawa anakantha kwambiri a m'makampu kusiyana ndi amene ankakhala m'midzi, ndiponso kuti banja lokhala ndi kadimba linali lotetezekako. Kadimba kobwereka kwa mlamu kanachita zimene lole ya ufa sinathe kuchita.

Pa za madzi, chipatala ndi sukulu, mlendo anabweradi ndi kalumo kakuthwa. Chifukwa choopa kolera, mabungwe anakumba mijigo ndi zitsime zotetezedwa m'madera okhala othawa nkhondo, anakuza zipatala zing'onozing'ono, anakonza misewu ya fumbi kuti malole azidutsa. Popeza kuno obwera ndi eni mudzi ankakhala mosakanikirana, mjigo sunkafunsa khadi, ndipo mzere wa kusikelo ya ana unali umodzi. Ana a othawa anawatsegulira sukulu zophunzitsa m'Chipwitikizi motsata silabasi ya kwawo, poganizira kuti tsiku lina adzabwerera. Koma makolo ena analowetsa ana awo m'sukulu zathu, ngakhale kuti nthawi imeneyo pulayimale inali yolipira, popeza yaulere inayamba mu 1994. Mwana ankangotchula mudzi wa amalume ake ndi dzina la nyakwawa, basi walembedwa.

Sindikufuna kuti muganize kuti zonse zinali zokoma. Panali kunyozana. Mawu oti "othawa" ankatha kukhala chitonzo pachitsime ndi pabwalo la mpira. Eni minda ena anapezerapo mwayi wolipira ganyu motchipa, podziwa kuti wobwera sangakane. Eni mudzi osauka nawo ankadandaula poona lole ikutsitsa ufa kwa alendo pamene nkhokwe zawo zili mbee, makamaka m'chilala cha 1992. Milandu ya mbuzi zodya mmera, ya malire a dimba ndi ya maukwati inkachuluka pabwalo la mfumu. Komabe tikayerekeza kuchuluka kwa anthuwo ndi kuchepa kwa malo, chodabwitsa n'chakuti midzi inapirira zaka zonsezo osapasuka.

Ine pobwera kuno kudzayamba ntchito, zaka zambiri nkhondo itatha, ndinadzera njira yomweyo ngakhale kuti ndinali ndi kalata ya boma m'thumba. Nyumba za aphunzitsi zinali zodzaza. Masabata oyamba ndinkagona pabalaza kwa mphunzitsi mnzanga. Nyumba ya lendi anandipezera ndi mkulu wa mpingo, amene anachita kundiperekeza kwa mwini wake n'kukandiikira umboni. Mjigo wa madzi okoma, chigayo chosaba ufa, telala wodalirika ndi tsiku la sikelo, zonsezi anandilangiza ndi mayi wina woyandikana naye nyumba. Patapita nthawi mayiyo anandiuza kuti anabadwira kufupi ndi Ulongwe ndipo anafika kuno ali mtsikana, usiku, opanda ndi bulangete lomwe. Amene anafika wopanda kanthu ndi amene ankaonetsa mphunzitsi wa dipuloma pokatunga madzi.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 pakati pa Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama. Anthu a ku Angonia ambiri sanadikire malole a UNHCR. Abambo ankayamba apita okha kukaona ngati kumunda kuli bata ndiponso ngati kulibe mabomba okwirira, n'kumanga kachisakasa, kenaka kudzatenga banja. Ena anasasula mitengo ya denga ndi zitseko n'kuoloka nazo msewu pamutu. Pofika chisankho cha ku Mozambique cha October 1994, misasa ya m'mbali mwa msewu inali itasanduka minda. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu. Koma mame awa anasiya chinyontho: mijigo, midadada ya sukulu, maukwati, manda, ndi ana amene lero ndi makolo a ophunzira athu. Msika wathu wa kachewere, tomato, anyezi ndi kabichi, womwe umadyetsa Lilongwe ndi Blantyre, umakhalira mbali zonse ziwiri za msewu.

Nkhaniyi siinathere pomwepo. Mu 2016 anthu a ku Tete anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo kumapeto kwa 2024 ena anaolokera ku Nsanje pothawa zipolowe za chisankho. Mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'matawuni ndi m'midzi abwerere ku kampu ya Dzaleka ku Dowa, yomwe inatsegulidwa mu 1994 ndipo inali itadzaza kale ndi anthu oposa 50,000. Boma lili ndi zifukwa zake, ndipo a ku Dzaleka ambiri ndi ochokera kutali, ku Congo, Burundi ndi Rwanda, alibe amalume kuno. Koma pokambirana nkhani zotere ndi bwino tizikumbukira zimene zinaoneka ku Lizulu: munthu amene waloledwa kukhala pakati pa anthu, kulima kadimba ndi kugulitsa pamsika amadziimira msanga kusiyana ndi wongodikira lole.

Pempho langa kwa inu aphunzitsi anzanga a m'malire muno, kuyambira ku Dedza mpaka ku Biriwiri ndi ku Tsangano, ndi lakuti teremu ino tipatse ana a Fomu 3 ntchito yokacheza ndi agogo awo. Akafunse mafunso anayi okha: munafika liti kapena munalandira yani, usiku woyamba munagona pati, malo anakupatsani ndani, ndipo madzi munkatunga kuti? Alembe m'Chichewa momwe agogowo akuyankhulira, ndipo amene sakufuna kutchulidwa dzina asatchulidwe, chifukwa mabala ena sanapole. Makope amenewo tiwasunge mulaibulale ya sukulu. Inunso ana anga akale amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, mukudziwa kale kuwawa kofuna nyumba kumalo kosadziwika. Mukabwera ku tchuthi, khalani pansi ndi agogo muwafunse momwe iwo anachitira. Tikumane pamsika.