MAOLA ATATU M'MWAMBA, MADZINJA AWIRI KUMUDZI

Madzulo ano tiyambe taleka za mizere ndi manyowa, tikambe mbiri ya njira imodzi imene inacotsa amuna ambiri m'minda mwathu. Njirayi ndi ya ndege, yocokera pa bwalo la Chileka, kufupi ndi Blantyre, kunka ku Francistown m'dziko la Bechuanaland, limene linasanduka Botswana m'caka ca 1966.

Kale munthu wofuna nchito ku migodi ya ku Joni anali kuyenda pansi, kamba ali kumutu. Anali kuoloka Zambezi ca ku Tete, nagona m'thengo masabata ambiri, ndipo ena anathera m'njira ndi malungo kapena zirombo. Koma m'zaka za m'ma 1950 bungwe la Wenela, lolemba anthu a ku migodi, linayamba kuwanyamula pa ndege.

Kucokera pa Chileka kufika ku Francistown, molunjika monga iulukira mbalame, pali mamailosi ngati 620, ndiko kuti makilomita 1,000. Ndege ya mtundu wa DC-4, ya mainjini anai, inali kuthamanga mamailosi oposa 200 pa ola limodzi. Motero ulendowo unali wa maola atatu okha, kudzera pamwamba pa Zambezi ndi pa Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe. Munthu wonyamuka akazace akupita kumunda anali kutera iwo asanaweruke. Pa Francistown anali kukwera sitima ya pamtunda mpaka ku Joni.

Njira itafupika cotero, opita anacuruka. Pofika 1973, Amalawi a ku migodi ya South Africa anali oposa 100,000. Ambiri anabwera ndi njinga, mabulangete ndi ndalama za msonkho. Koma inu mafumu mukumbukira za kumudzi. Ulendo unali wa maola atatu, koma mwamuna anali kukhalako caka cimodzi kapena ziwiri. Wosala zigwero, wolima mizere ndi womanga nkhokwe anali mkazi yekha ndi ana. Ena sanabwerenso konse, nakhala machona.

Tsoka linagwa pa 4 April, 1974. Ndege ya Wenela yobwera ndi anthu kumudzi inagwa itangonyamuka pa Francistown, cifukwa mafuta ace anasakanizika ndi a mtundu wina wa ndege. Anafa anthu 78, ambiri a iwo Amalawi amene anali atatsiriza nchito yao. Pamenepo Dr. Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Kulembako kunayambanso mu 1977, koma kunatheratu mu 1988.

Tsono mbiriyi itiphunzitsa ciani? Wenela anapita, koma anyamata athu akali kunka ku Joni, ambiri pa basi. Palibe angawaletse, pakuti umphawi ndiwo uwatuma. Koma inu a mfumu, mnyamata akadza kudzatsazika, musamfunse za maola a ulendo okha ai. Mfunseni kuti adzasowa madzinja angati, ndipo munda wace ausiya m'manja mwa yani. Muuzeni kuti ndalama ya mbeu ndi feteleza izifika mvula yoyamba isanagwe, cifukwa yofika cimanga citafiira kale sidzaza nkhokwe.

Tsalani bwino nonse, tidzamvananso sabata lamawa.