Wopeka Nyimbo ndi Wolemba Mau: Verdi ndi Anzace

M'dziko la Italy muli mtundu wa masewero wochedwa opera, m'mene osewera amayimba mau onse m'malo mwa kulankhula. Sewero lotere limatuluka m'manja mwa anthu awiri: wina amalemba mau m'ndakatulo, mnzace napeka nyimbo. Kawirikawiri dzina la wopeka nyimbo ndilo limachuka, pamene la wolemba mau limaiwalika.

Giuseppe Verdi, amene anabadwa m'caka ca 1813, anali munthu wobvuta kumkondweretsa. Francesco Maria Piave, amene anamlembera mau a Rigoletto (1851) ndi La traviata (1853), anali kubwezeredwa mapepala nthawi ndi nthawi kuti afupikitse mizere. Ndiponso akuluakulu a boma la Austria, amene anali kulamulira mzinda wa Venice masiku amenewo, anakana kuti m'Rigoletto muoneke mfumu ya France iri kucita zonyansa. Piave ndiye anakambirana nao kufikira anabvomera kuti m'malo mwace mulowe mfumu yaing'ono ya ku Mantua. Pamene Piave anafa ziwalo m'caka ca 1867, Verdi sanamtaye, koma anathandiza banja lace ndi ndalama.

Pakati pa Verdi ndi Arrigo Boito panabuka cidani. M'caka ca 1863 mnyamata ameneyu, amene anali wocepa kwa Verdi ndi zaka 28, ananena ndakatulo paphwando yonyoza nyimbo za m'Italy kuti zadetsedwa. Verdi anamva kuti mauwo anali kulasa iye, ndipo anasunga cakukhosi zaka zambiri. Giulio Ricordi, wosindikiza nyimbo wa ku Milan, ndiye anawayanjanitsa m'caka ca 1879, pofuna kuti atenge sewero la Shakespeare la Othello nalisandutse opera. Poyamba anayesana pokonzanso sewero lakale la Simon Boccanegra (1881).

M'caka ca 1884 nyuzipepala ina inalemba kuti Boito anali kulakalaka kupeka yekha nyimbo za Otello. Verdi anakhumudwa, nafuna kumbwezera mau ace onse. Boito anayankha modzicepetsa kuti palibe wina woyenera nchitoyo koma Verdi yekha, ndipo ubwenzi unapulumuka. Otello anaonetsedwa ku La Scala, ku Milan, m'caka ca 1887; Falstaff anatsatira m'caka ca 1893, Verdi ali ndi zaka 79.

Makolo anati mutu umodzi susenza denga; koma posenzapo wina amalemedwa koposa. Boito nayenso anali wopeka nyimbo, ndipo zaka zimene anatumikira mkuluyo zinacedwetsa sewero lace la Nerone. Anakhala pambali pa Verdi pomwalira iye m'caka ca 1901, namwalira nayenso m'caka ca 1918 Nerone asanathe. Ena anamaliza sewerolo, nalionetsa m'caka ca 1924.