Nthata ndi nkhupakupa: njira zacilengedwe zotetezera agalu ndi ziweto zina

Nthata zimene zioneka pathupi pa galu ndi gawo locepa cabe la vuto. Akatswiri a ziweto anena kuti pa nthata 100 zilizonse za pakhomo, pafupifupi 5 zokha ndizo zikhala pa galu. Zotsalazo ndi mazira, timphutsi ndi ana obisala m'fumbi, m'ming'alu ndi m'masaka ogonapo galuyo. Nthata yaikazi imodzi itha kuikira mazira ofikira 50 patsiku. Ici ndico cifukwa cake galu wosambitsidwa lero ayambanso kudzikanda pakapita masiku ocepa.

Kuopsa kwake

Nthata ziyamwa magazi, ndipo zikaculuka zitha kupha tiana ta agalu. Galu akameza nthata podzinyambita atenga njoka za m'mimba. Nthata za makoswe zifalitsa mliri wa plague kwa anthu, monga zinacitikira m'boma la Nyimba m'caka ca 2015. Nkhupakupa nazo zipatsa agalu matenda a m'magazi, ndipo ndizo zifalitsa cigodola pakati pa ng'ombe m'cigawo ca Kum'mawa.

Kuyambira pogona

Nchito yaikulu ili pansi. Pogona galu pafunika kusesa kawirikawiri ndi kuocha zinyalalazo. Masaka ndi nsanza zicapidwe m'madzi otentha sabata iliyonse, ziyanikidwe padzuwa, pakuti timphutsi ta nthata sitipirira kutentha ndi kuuma. Udzu wautali wa pabwalo, momwe nkhupakupa zidikirira nyama, ucekedwe. Izi zifunika kupitiriza kwa miyezi itatu, popeza ana a nthata atha kukhala m'zikwa zawo nthawi yaitali.

Pathupi pa ciweto

Kusambitsa galu ndi sopo wamba kupha nthata zambiri ngati thovu likhala pathupi mphindi zingapo. Cipeso ca mano othithikana cicotsa zotsala, zimene ziyenera kumizidwa m'madzi a sopo. Nkhupakupa igwiridwe pafupi ndi khungu ndi kuizula mowongoka, osati kuiocha. Nkhuku ziikiridwe phulusa losakaniza ndi mcenga pamalo ouma kuti zizisambamo.

Mitengo yothandiza

Masamba a nimu osinja ndi kuviika m'madzi acepetsa tizilombo, ngakhale mphamvu yake sikhalitsa. Ombwe, umene asayansi aucha Tephrosia vogelii, ndi wamphamvu koposa. Alimi ambiri a ku Chipata audziwa ngati mtengo wobwezera nthaka conde. Masamba ake aviikidwa usiku wonse, madzi asefedwa ndi kuwazidwa pa ng'ombe kuti aphe nkhupakupa.

Koma ombwe uli ndi poizoni wochedwa rotenone amene apha nsomba. Madzi ake asatayidwe pafupi ndi mtsinje kapena citsime, ndipo asathiridwe pa nkhumba, amphaka ndi tiana ta agalu. Wousakaniza avale mapulasitiki kumanja.

Zoyenera kupewa

Adyo ndi anyezi ziononga magazi a agalu ndi amphaka. Oilo wakale wa galimoto, parafini ndi mankhwala opopera thonje ziocha khungu, ndipo zitha kupha ciweto cikadzinyambita.

Galu amene nkhama zake zayera, waleka kudya kapena wathothoka ubweya aperekedwe msanga kwa alangizi a ziweto. Njira zonsezi sizilowa m'malo mwa katemera wa ciwewe.